Dzina Limene Ukasanje ku Kabula

Alifeyo mwana wanga,

Ndakhala kuseri kwa nkhokwe ndi pensulo ya mlongo wako, chifukwa khonde langa alitenga atsibweni ako a Kadzuwa ndi njinga yawo, ndipo mudzi wonse wakhamukira pomwepo kudzaona njingayo ngati iyankhula. Dzulo masana anakulangiza ndi iwowo, amayi ako akugwedeza mutu, ine ndili phee pamphasa ngati wodutsa amene wangopempha madzi. Mwambo wake ndi womwewo, sindikukana. Mwana ndi wa kwa amake, wolangiza ndi mtsibweni, mkamwini zake ndi kufolera nyumba ndi kuzula zitsa. Koma kulemba ndinaphunzira, ndipo sindinamvepo mwambo woletsa mkamwini kulemba. Kalatayi ndiisiya m'thumba la malaya ako atsopano aja. Ukaiwerenge m'sitima mutanyamuka pa Luchenza, atsibweni ako atayamba kusinza. Asinza ndithu, usade nkhawa. Ndinawadziwa ine iwe usanabadwe.

Nkhani yanga ndi imodzi, ngakhale ndizungulira. Kunyumba yosindikizira mabuku ku Kabula kumene ukupitako kuli mwambo wake. Mnyamata watsopano akalowa, asanamupatse ngakhale tsache, amamuimika patsogolo pa bokosi la zilembo zamtovu, kumugwiritsa kachitsulo kosanjiramo kudzanja lamanzere, n'kumuuza kuti, "Sanja dzina lako." Akasanja amapakapo inki, kudinda pa kachidutswa ka pepala, n'kumupatsa. Dzina limene latuluka pakapepalako ndi limene adzamuitana nalo mpaka imvi. Ine ndinasanja langa, Andireya Nakhuwa. Tsono dzulo atsibweni ako, akusamba m'manja, osandiyang'ana n'komwe, akuti, "Alamu, mnyamatayu kumeneko akasanja Kadzuwa, osati Nakhuwa." Anangonena ngati akupempha mchere. Amayi ako anandiponyera diso lija loti musayambe, ndipo sindinayambe. Iwe unayang'ana ine, ine ndinayang'ana nkhuku. Yankho langa ulipeza m'kalata muno, koma uyambe wamva zinazi.

Ndili ndi nsanje, Alifeyo. Ndanena ndekha kuti usavutike kundiganizira. Atsibweni ako ndimawachitira nsanje chifukwa cha njinga, chifukwa cha nsapato, chifukwa cha zala zawo zosalala ngati za mkazi wa mbusa, koma makamaka chifukwa cha fungo la inki limene lili pa jekete lawo. Atangolowa m'nyumba muno fungolo linandimenya, ndipo ndinatuluka n'kunamizira kukaona mbuzi. Iwenso ndikukuchitira nsanje, iwe mwana wanga weniweni, chifukwa mkuja udzakhala utaima pamene ndinkaima ine, pafupi ndi zenera loyang'ana ku mtengo wa mango, ine ndili m'mizere ya tiyi mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno. Abusa amati nsanje ndi tchimo. Ndamva, ndipo Lamulungu lililonse ndimavomera. Koma sinachoke, ndiye malangizo angawa uwalandire pamodzi ndi nsanje yake, usankhemo wekha zodyeka.

Uyambe wawadziwa bwino amene ukukakhala nawo. Ntchito imeneyi ine ndi iwo tinalowa limodzi, nkhondo ya Jeremani isanayambe. Nthawi imeneyo sanali a Kadzuwa a nsapato ayi, anali Tomasi wa mphere m'zigongono, ndipo pa nkhani zakalezi ndimutchula choncho. Iwe usayerekeze kutengera. Ine ndinali mwana wa Alomwe amene anathawa kwa Apwitikizi atasenza mphasa pamutu. Agogo ako ankanyamula katundu wa azungu, ine aphunzitsi a mishoni ananditola pasukulu ati ndili ndi maso akuthwa. Anyamata enawo ankaseka kayankhulidwe kanga, kunditcha Mnguru, kukana kudya nane mbale imodzi. Tomasi yekha ndi amene anandigawira mphasa, ndipo tsiku lina anamenya munthu chifukwa cha ine. Zimenezo sindibisa. Koma posanja zilembo ndinkamuposa, ndipo izinso sindibisa. Iye akamatsiriza mzere woyamba, ine ndili kutali. Ukawafunse. Akakana, ndiye kuti nsapato zawaphunzitsa bodza.

Usakapikisane ndi munthu, wamva? Changu changacho ndi chimene chinayamba kundigwetsa. Tinkasanja buku la ana a sukulu, ine tsamba langa, Tomasi lake. Zilembo ukazisanja umaziika m'chimango chachitsulo, n'kukhomera timitengo m'mbali kuti zigwirane, kenako umanyamula kupita nazo ku makina. Ine ndinatsiriza msanga monga mwa masiku onse, ndipo ndinaona mzungu wathu ataima pakhomo. Ndinafuna andione ndikudutsa ndi tsamba langa Tomasi akadali chiweramire. Timitengo tija ndinangokhoma mwa apo ndi apo. Nditangoti nyamu, pakati ponse panabooka, zilembo zonse waa pansi ngati mpunga, zina kulowa m'ming'alu ya njerwa. Mzunguyo sanakalipe. Anangoyang'ana pansi, kuyang'ana ine, n'kutuluka. Ndinakwawa masiku angapo kutola kalembo kamodzikamodzi ndi kukabweza m'kabokosi kake, ndipo Tomasi ankatsalira pa nthawi yopuma kunditolera. Bola akanandiseka. Kuyambira pamenepo ntchito yomanga masamba anaipereka kwa iye, chifukwa iye asananyamule ankayamba wadina ndi chala paliponse, kukwezako pang'ono, kudinanso, ngati nkhalamba yogula nkhuku pamsika. Kukwera kwawo kunayambira pomwepo. Iwe ukachite monga iwo: ukhome, udine ndi chala, ukweze pang'ono, kenako unyamule. Zikundiwawa kulemba zimenezi, koma ndi zoona.

Zilembo usakaike m'kamwa. Uona ngati ndi nkhani ya ana, koma dikira manja onse atanganidwe, kalembo kamodzi katsala, udzaona pakamwa pali pafupi. Ine ndinkachita zimenezo tsiku ndi tsiku, ndipo masana ndinkadya chinangwa ndi zala zakuda bii, ati ndisataye nthawi kuchitsime. Mtovu supweteka lero, umadikira. Ndinadzagwidwa ndi m'mimba mopotokola, nkhama zitada, moti popita kuseri ndinkachita kugwira khoma. Ukasambe m'manja ndi sopo, akasowa ndi phulusa, usanakhudze chakudya. Atsibweni ako dzulo anakuuza za kupemphera ndi za kupewa mowa wa m'tauni, koma za mtovu sanakuuze. Aiwala, chifukwa masiku ano iwo amangoloza ndi pensulo, osanja ndi ena.

Kudwala kumeneko kunandiphunzitsa china. Buku si ntchito ya munthu mmodzi. Amayamba ndi aphunzitsi akuluakulu amene amakhala ndi mzungu pakhonde miyezi ndi miyezi kumupezera mawu a Chinyanja. Kenako ife osanja. Kenako owerenga, amene amasaka zolakwa ndi nkhope ya munthu wofuna nsabwe m'bulangete. Pali oponda makina, amene miyendo imawatupa pofika madzulo, pali wopaka inki, pali amayi opinda mapepala ndi kusoka ndi ulusi, pali wodula m'mphepete ndi chimpeni chimene chinadyapo chala cha munthu ine ndikuona. Kunja kuli osenza mitolo ya mapepala kuchokera kusiteshoni, ndi ogulitsa amene amayenda ndi mabuku pamutu mpaka kuno kwa Changata ndi ku Nsabwe, mvula ikuwatsata. Ife osanja tinkadziyesa apamwamba chifukwa zilembo zamtovu tinkaziwerenga chozondoka ndiponso tinkavala epuloni. Pa kunyoza ine ndinali patsogolo. Amayi aja ndinkawatcha osoka zigamba, kuwadutsa osapereka moni. Koma nditagona ndi m'mimba muja, osanja anzanga anangosuzumira pakhomo n'kupita. Phala ankabwera nalo ndi amayi osokawo, mosinthana. Mmodzi wa iwo, mtsikana wa pakamwa, anandiikira mbale pansi n'kunena kuti, "Imwani, phala la osoka zigamba." Anali mlongo wake wa Tomasi, ndipo ndi amayi ako amenewo. Ukapereke moni kwa aliyense, kuyambira wosesa. Usaiwale.

Tsono tenga buku lililonse la m'nyumba muno, utsegule tsamba loyamba. Mwa anthu onse ndatchulawa mulibe ndi mmodzi yemwe. Muli dzina la mzungu ndi la mishoni, basi. Panali aphunzitsi ena okalamba amene anathera maso pa buku la nyimbo. Mawu amene timalira nawo pamaliro ndi awo, ine ndinkawamva akuwayesa pakamwa kuseri kwa nyumba, kubwereza ndi kubwereza mpaka akhale bwino. Anamwalira, nyimbozo zikuimbidwabe, dzina lawo mwina tatsala ndi ine ndi Tomasi olikumbuka. Usakadabwe nazo, ndipo usakafunse mokweza. Ine ndinafunsa, anandiyankha kuti ulemu wonse ndi wa Mulungu, koma dzina la mzungu silinachoke patsambapo. Ndiye uone chifukwa chake mtima wanga uli pa kapepala kaja. Munthu wa ntchito yathu amasanja maina a mafumu a Aisiraeli, a mitsinje yakutali, a abwanamkubwa, moyo wake wonse. Lake amalisanja kamodzi.

Usakakonde tsamba. Zilembo n'zochepa, zimachokera kutsidya kwa nyanja ndipo sizibwera kawirikawiri. Choncho masamba angapo akasindikizidwa mumatsuka zilembozo, kumasula, kubweza chilichonse m'kabokosi kake, kuti musanjire masamba otsatira. Ntchito ya sabata yonse imaphwasulidwa masana amodzi, ndi manja ako omwe. Tsamba langa loyamba kutuluka bwino linali la salimo, ndipo ndinakana kulimasula. Ndinalikankhira pansi pa tebulo kuti ndizilionako. M'mawa mwake ntchito inaima, zilembo zaperewera, anthu akusakasaka, ndipo atalipeza anandikoka khutu pamaso pa amayi osoka aja. Tomasi masamba ake ankamasula akuimba mluzu, ngati sanawavutikire. Ndinkati munthuyu alibe mtima. Mwina alibedi, koma ndi amene anatsala pantchito.

Dziwanso kuti ntchito imeneyi m'dziko muno ndi yaing'ono, ngakhale ili ndi ulemu. Nyumba zosindikizira ungaziwerenge pa zala. Zambiri ndi za mishoni: iyo ya ku Kabula, ina kumpoto pamwamba pa phiri kumene amasindikiza Chitumbuka ndi Chitonga, ina kumapiri a kwa Angoni, ina pachilumba cha m'nyanja. Zimenezi zimatulutsa mabuku a nyimbo, a katekisimu, a sukulu, ndi timanyuzi ta mpingo. Ku Zomba kuli ya boma, yosindikiza malamulo ndi ziphaso za msonkho. M'tauni muli ya nyuzipepala ya azungu, ya Chingerezi chokhachokha, yolemba za fodya ndi tiyi ndi za amene wakwera sitima kupita kwawo. M'chiyankhulo cha Alomwe, cha agogo ako akuchimuna, sindinaonepo ngakhale tsamba limodzi. Osanja zilembo a m'nyumba zonsezi utawasonkhanitsa sangadzaze tchalitchi chathu chaudzuchi, pamene othyola tiyi a esiteti ino yokha amakuta phiri lonse. Ndipo onsewo amadziwana. Ukatsokomola ku Kabula, ku Zomba amva. Malo ndi ochepa, anyamata ofuna ndi ambiri, ndipo malo ukawasiya sakudikira.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwenikweni. Mudzi wonse ukudziwa, iwenso unamvapo zidutswa. Titakwatirana ndi amayi ako, agogo ako akuchikazi anatumiza mawu kuti mwana wawo abwerere kumudzi, mkamwini adzamange nyumba ndi kutsegula munda monga amachitira amuna onse. Tomasi anandiletsa. Anati, "Alamu, musapite. Amayi ndikayankhula nawo ine, mlongo wanga akhale konkuno." Ine ndinamva ngati akunena kuti Mlomwe wa inki sangagwire khasu. Ndinati ndipita dzinja limodzi lokha, ndikawaonetse akwanu kuti ndine mwamuna, ndibwerera chimanga chikacha. Sindinafunse kuti mudziwo uli pa nthaka ya yani. Nditangozika mitengo ya nyumba, kapitao wa esiteti anafika n'kundiuza kuti womanga pano amagwira thangata: miyezi ya mvula ndi ya bwana, ukakana nyumba amagwetsa. Ndinagwira. Mvula itatha ndinayenda wapansi kubwerera ku Kabula, ndipo pazenera panga paja ndinapeza paima mnyamata wina atavala epuloni yanga. Mzungu anati pepani. Ndinapita ku Zomba, ndisanakhale n'komwe wamkulu wa osanja akuti, "Ndiwe Nakhuwa uja anagwetsa tsamba n'kuthawira ukwati?" Ndinabwerera kuno iwe uli m'mimba. Ukadzafuna kukwatira, Alifeyo, udzafunse kaye za nthaka. Za amayi ako sindinong'oneza bondo, umve bwino, ndipo usakawauze zina. Chimene sindinakhululuke mpaka lero n'chakuti Tomasi ananena zoona.

Za ku Harare ndi ku Joni udzazimva sabata yoyamba yomwe. Kumabwera anthu ovala zipewa kudzanong'oneza anyamata kuti kumeneko osanja akusowa, ndipo ambiri ophunzira kuno amathera kumeneko. Panali mnzathu wina, Yakobe, amene anapita akungodziwa kusanja mizere basi, kumanga masamba asanaphunzire. Ine ndinamunyamulira katundu mpaka pamsewu, mtima ukundiuza kuti mwayi wandilambalala. Tinadzamva kuti anamuika potsuka zilembo ndi kusesa, chifukwa amisiri osamaliza ali nawo kale ambiri. Sindikuti usadzapite, ukadzapita nsanje yanga idzangokula, basi. Koma uyambe wamaliza zonse, kusanja, kumanga, kuponda makina, ngakhale kusoka ukapemphe amayi aja akuonetse. Usachoke pakati, wamva? Kaya ndi ukwati, kaya ndi Harare, kaya ndi uthenga wakuti ine ndadwala, usachoke pakati.

Kunyumba kwa atsibweni ako ukakhale ngati mwana, osati ngati mlendo. Ukatunge madzi, ukawaze nkhuni, akazi awo asachite kukutuma. Chimene akupatsa ulandire ndi manja awiri. Ine ulendo wina ndinapita kumeneko kukaona mwana wawo akudwala, ndipo pobwerera ananditulutsira nsapato zawo zakale, zabwinobwino, zongofuna kukhoma chidendene. Ndinaziyesa, zinandikwana ngati anayeza phazi langa. Ndinavula n'kunena kuti zikundithina. Anangoti, "Chabwino, alamu," n'kuzibweza pansi pa bedi. Ndisanafike ndi pa Bvumbwe pomwe ndinaponda chisonga, ndipo ndinatsimphina mpaka tiyi anaphuka. Kunyada kumeneko usatengere, ndi kwanga, ndikusunga ndekha. Koma chimodzi ndikupempha. Ana awo aziti bambo, iwe uziti atsibweni. Lilime limaterereka munthu ukamadya pakhomo pa wina, ndikudziwa. Ukadzabwera pa Khirisimasi ine n'kumva ukuti "bambo anati" ukunena iwo, ndidzatulukanso kukaona mbuzi ndipo sindidzabwerako msanga.

Dzulo atsibweni ako atakugwira manja n'kumatembenuza zala zako kuona ngati zingatole kalembo kakang'ono, unaona kuti ine anga ndinabisa m'khwapa? Mpeni wodulira tiyi unazimaliza zala zanga. Zauma, zakhakhala, nsonga zake sizimva kanthu. Singano ikagwa pansi ndimaitana mlongo wako. Ngakhale atandiitana lero kuti malo apezeka, sindingasanje ndi mzere umodzi womwe. N'chifukwa chake iwe sindinkalola kuti ugwire mpeni umenewo, ndinkakupatsa dengu lothyolera basi, anthu n'kumati Nakhuwa akulera mwana ngati dzira. Zilembo ndinakuphunzitsa ndine, pamchenga kuseri kuno, mpaka kuwerenga chozondoka, iwe n'kumaseka osadziwa chimene ndikukonza. Zala zimene anazitamanda dzulozo ndinazisunga ndine. Iwo angobwera kudzathyola.

Lero m'mawa ndachimwa m'tchalitchi. Buku latsopano la nyimbo limene abweretsera amayi ako ndinalitenga ine, ndipo anthu akuimba ine ndinali kusaka cholakwa. Ndinayang'ana ngati mizere yapendekeka, ngati mipata yasiyana, ngati inki yachuluka pena. Ndinaunika tsamba pa kuwala kwa pazenera. Ndinalinunkhiza ndi kulinunkhiza, mpaka amayi ako anandigunda ndi chigongono. Alifeyo, mulibe. Buku lonse lili bwino, loyera, lowongoka, moti ine pa unyamata wanga ndi changu changa chija sindikanalitha. Ndinalitseka ndi mkwiyo, ulaliki sindinaumve. Ndiye ukawamvere. Akakukalipira usayankhe, akakubwezera tsamba ubwereze, ndipo uziyang'anitsitsa manja awo kuposa pakamwa pawo. Mmisiri woposa iwo m'dziko muno kaya ngati alipo. Izi usawauze kuti ndanena ine.

Potuluka m'tchalitchimo ndinakumana ndi kapitao wathu. Anati, "A Nakhuwa, ndamva wamng'ono akukwera sitima. Apite, akaone tauni. Mvula ikagwa titumiza munthu akamutenge. Wakula uja, chaka chino dzina lake tiliitana palokha." Ananena akuseka, koma iwe ukumudziwa mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje uja ankaphunzira ukalipentala ku Makwasa. Anakamutenga dzinja loyamba, makolo ake atauzidwa kuti nyumba igwetsedwa. Nayenso anati abwerera mvula ikatha. Ndi uja ndimadulira naye mzere umodzi, ana ake akuyenda tsopano.

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa zimene atsibweni ako ankanena posamba m'manja paja, zimene sanafune kufotokoza pamaso pako kuti asandichititse manyazi. Nakhuwa ndi dzina la pa esiteti. Limaitanidwa m'mawa uliwonse pabwalo la fakitale, pakati pa maina a anthu a thangata. Wotumidwa akakafika ku Kabula n'kufunsa Nakhuwa, Nakhuwayo n'kupezeka, mzungu wa kumeneko sadzakangana ndi mzungu mnzake chifukwa cha mwana wa wothyola tiyi. Adzakuuza kuti pita ukathandize makolo, ndipo pazenera padzaima wina. Koma Kadzuwa ndi mwana wa m'nyumba ya mmisiri wawo wamkulu, ndipo mwambo womwe uja umene unandikhazika chete pamphasa udzakuikira kumbuyo, wakuti mwanayu ndi wa mtsibweni wake. Palibe adzakukhudze. Anenanso zoona atsibweni akowa. Ndikanakonda akanalakwitsako tsiku limodzi, ndione mmene zimawakhalira.

Kapitao ndinamuthamangira asanakhote. Ndamuuza kuti mizere ya mwanayo ndidzaiona ine pamwamba pa yanga, nyumba ya amayi ako asaikhudze. Anandiyang'ana msana, n'kuvomera. Koma kapitao ndi munthu, mawa amusintha, ndipo msana wangawu sudzakhala chomwechi mpaka kalekale. Chokutchinjiriza chenicheni si iye, si ine.

Tsono mkuja akakugwiritsa kachitsulo kaja usakazengereze, ndipo usakacheuke ngati ndaima pakhomo. Ukasanje Alifeyo Kadzuwa. Ukalisanje mowongoka, mipata yofanana, kuti onse oima pamenepo aone kuti mnyamatayu alipo anamuphunzitsa asanafike, ngakhale sadzafunsa kuti ndani. Kapepalako usanditumizire. Ukatumiza, amayi ako adzakamata pakhoma moyang'anana ndi khomo, ndipo ine kuwerenga sindinaiwale. Ukakasunge m'bokosi mwako.

Mawa sindikuperekeza ku Luchenza, usandidikire. Ndidzakhala pabwalo la fakitale. Kapitao akaitana Nakhuwa ndidzayankha monga mwa masiku onse. Mvula ikagwa, akadzayamba kuitana Nakhuwa wamng'ono, ndidzayankhanso ine.

Ndine bambo ako,
Andireya Nakhuwa